Digiri ya Everson, Manja a Arnold

1

Ndine Eneless, mayi wa ana aamuna awiri. Ndimakhala ku Dangamvura mu Mutare, ndipo ndimagulitsa tomato ndi matemba pa msika. Sindidziwa kukometsa nkhani, ndiye muilandire mmene ilili.

Ine ndi malemu amuna anga aFilimoni tinabadwira pa famu ya fodya ku Odzi. Makolo athu anachokera ku Malawi, koma ife Malawi tinkangomumva m'nyimbo za pa maliro. Mafamu atalandidwa, anzathu achishona anamanga katundu n'kupita kumidzi kwawo. Ife tinalibe kolowera. Tinakafikira m'kanyumba ka alamu anga amene ankagwira ntchito ku njanji, ndipo momwemo ndi mmene chifuwa chinawatengera aFilimoni. Ndinatsala ndi Everson, wamkulu, ndi Arnold.

Mnzanga wachishona mwana wake akalephera sukulu amamutumiza kumudzi kukalima. Ine wanga ndikanamutumiza kuti? Ndinawauza anyamatawo kuti munda wathu ndi pepala la sukulu, ndipo pepalalo ndingakwanitse la munthu mmodzi.

Tsiku lina Everson anabwera akumwetulira kuti amutenga ku koleji ya ku Harare.

"Zaka zingati?" ndinafunsa.

"Zinayi, Amayi."

"Ukamaliza udzakhala ndani?"

"Injiniya wa ukadaulo wa zamagetsi. Wogwira ndi manja omwe, osati wongokhala mu ofesi."

"Sindikufunsa dzina la ntchito. Amalandira?"

"Amalandira, Amayi. Migodi, mafakitale, kampani ya magetsi, onsewo amafuna anthu otere."

Arnold anali pakhomo akusoka nsapato yake ya sukulu ndi waya. Anali fomu 3 nthawi imeneyo. Anaseka n'kunena kuti, "Musazunguzike mutu, Amayi. Wangawu ndi mutu wosenzera katundu. Achimwene apite. Ine ndikakumba golide ku Penhalonga, fizi izichokera kumeneko."

Ndikanati ayi. Ndinangoti azisamala m'maenjemo.

2

Fizi inachokeradi ku Penhalonga. Arnold ankabwera atauma ngati nkhuni, dothi lofiira mpaka m'makutu, n'kundipatsira kandalama m'manja. Chaka china anabwera ndi bala la chikwanje kuyambira pa khutu kufika pa chibwano. Chaka chinanso sanabwere miyezi ingapo, chifukwa anamangidwa atathyola munthu nsagwada pomenyanirana dzenje. Atatuluka, anthu a mu mzere wathu anayamba kutseka mageti akamuona. Iye analibe nazo ntchito. Funso lake linali limodzi: "Achimwene akhoza?"

Everson anakhoza. Ndinakwera basi ya ku Harare kudutsa phiri la Christmas Pass nditavala diresi yobwereka, ndinalulutira mpaka mawu anatha. Pepala tinaliika m'galasi pa khoma, ndipo ndinayamba kudikira.

Ndinadikira chaka, chachiwiri chinadutsa, chachitatu chinayamba. Kampani iliyonse inkati ikufuna munthu amene anagwirako kale ntchito. Injiniya wanga ankakonza maketulo ndi zitsulo zositira za anthu a mu mzere, malipiro ake mazira kapena "zikomo mwanangu". Nthawi zina ankatengedwa ndi bambo wina woika sola m'nyumba za anthu olemera ku Murambi, munthu amene sanamalize n'komwe fomu 4, n'kumamutuma kunyamula makwerero.

Kamwa yangayi ndi yoipa, ndikudziwa. Ndikabwera ku msika miyendo itatupa, n'kumupeza atakhala pansi pa pepala lake lija, ndinkalephera kudzigwira.

"Bwana injiniya, mwadya?"

"Amayi, musayambe."

"Ndikufunsa chabe. Digiri yanuyo imadya, imasamba ndi sopo wanga, imatchajitsa foni. Kubweza idzayamba liti? Mng'ono wako wakhosomola dothi zaka zonsezi kuti iwe uzikonza maketulo?"

Tsiku lina anandiyankha kuti dziko ndi limene lawonongeka, osati iye. Ndinamumenya mbama ndi dzanja lonunkha matemba, mwana wa ndevu zake. Anangotuluka.

Kenako kampani ina ya mgodi wa malasha ku Tete, m'dziko la Mozambique, inamuyankha kuti abwere. Malipiro amene anatchula ndinamuuza abwereze, chifukwa ndinkaganiza kuti ndamva molakwa. Koma pankafunika pasipoti, kuyezedwa kuchipatala, ndi kalata ya ku polisi yosonyeza kuti sanapalamulepo mlandu. Panalinso munthu wapakati amene ankafuna yake.

"Popanda kalata ya ku polisiyo salemba munthu, Amayi. Imeneyo ndilibe nayo nkhawa. Koma zinazi zikufuna ndalama, ndipo andipatsa mpaka kutha kwa mwezi."

Arnold anali atabwerako ku maenje masiku amenewo, chifuwa chitamugwetsa, m'thumba mulibe kanthu. Ine tomato anali atandiwolera.

"Iyi upeze wekha," ndinatero. "Ife takumba mokwanira."

3

Tsopano ndikuuzeni za thiransifoma ya mu mzere wathu, chifukwa ndi imene inabweretsa anthu pakhomo panga.

Yakale inapsa, ndipo tinakhala mu mdima pafupifupi chaka. Anthu atatopa anagwirizana kusonkha kuti tigule yathu. Azigogo anagulitsa nkhuku, ena anadumphitsa ana teremu ya sukulu. Wotsogolera anali aTongai, mwini butchala ya pa kona, amene nyama inali itawawolera kangapo. Everson ndi amene ankawawerengera mapepala kuti asagule yolakwika, ndipo tsiku loikweza pa mapolo anaima limodzi ndi a kampani ya magetsi. Magetsi atayaka, amayi anavina mu msewu. ATongai anamukweza Everson mkono m'mwamba n'kumati, "Injiniya wedu uyu." Injiniya wathu. Ndinamva kukoma, sindinama.

Thiransifomayo inayaka masabata ochepa chabe. Loweruka lina kutacha, anthu anaipeza ili pansi, itang'ambidwa mimba ngati mbuzi. Mawaya a kopa a m'kati mwake anali atazulidwa onse, mafuta ake atadetsa dothi mpaka mu ngalande.

Ku Dangamvura akuba a magetsi timawadziwa. Kawirikawiri amapezeka atapsa, ena atamatirira pa polo pomwepo. Koma apa panalibe magazi, panalibe nsapato yotayika, panalibe chopsa. Ntchito inali yaukhondo. ATongai anazungulira chitsulocho, anayang'ana m'mwamba pa mapolo, ndipo anangonena mawu ochepa: "Wachita izi ndi wophunzira."

Mu mzere wonse wophunzira zamagetsi anali mmodzi.

4

Tsiku lomwelo ndinali kuseri kwa nyumba, ndowa ya zochapa ili pa mapazi anga, pamene ndinamva geti likugwa. Sanagogode. Analithyola.

Pofika kutsogolo n'kuti atamukoka kale Everson m'nyumba, malaya atang'ambika. Anthu anali tho pabwalo ponse mpaka mu msewu. Sanali achilendo ayi. Anali anthu amene ndimapemphera nawo, amene amatenga tomato wanga pa ngongole. Tecla, mnansi wanga amene ndinamugwira dzanja pobereka mwana wake woyamba, anali atanyamula theka la njerwa.

"Mbavha," ankatero anthuwo, kutanthauza wakuba. "Rovai mbavha." Menyani wakuba.

Chikoti chinayamba kumsana. Wina anamuponda m'mimba, anagwa, anamudzutsa, anamugwetsanso. Ndinadziponya pakati pawo ndipo chigongono cha munthu chinandithyola dzino ili la kutsogolo. Ndinalavula magazi n'kugwira mwendo wa aTongai.

"Bambo Tongai, mwana uyu mukumudziwa. Ndi amene anakuthandizani."

"Ndiye anaiona bwino mmene inakhalira, Mai Everson. Chokani, mungavulale."

"Mabhurandaya ndi choncho," anatero munthu wina kumbuyo. Ndi dzina limene amatitcha ife a ku Malawi akatikwiyira. "Alibe kwawo, ndiye saopa kuba pamene akukhala."

Anyamata ena analowa m'nyumba kukafuna kopa. Anagubuduza mabedi, anaswa kabati, koma sanapeze kanthu. Mmodzi anazungulira kuseri. Anabwera atanyamula wokusuti ya buluu, yovala pogwira ntchito, ikudontha madzi a mu ndowa yanga. Anaipereka kwa aTongai. Iwo anainunkhiza, n'kuipatsira wina kuti anunkhize. Sopo anali asanachotse fungo la mafuta a thiransifoma.

Pamenepo phokoso linasintha. Linatsika. Anamukokera Everson pa sitepe ya simenti ya pakhomo, wina anamukhalira pamsana, wina anatambasula dzanja lake lamanja pa sitepepo. ATongai analandira mpini wa piki.

"Manja awa asadzagwirenso waya," anatero. "Tikamaliza tikusiya ku polisi."

Everson ankangoti, "Amayi, Amayi," ngati kamwana.

Mawu ananditulukira okha, okwera, osanjenjemera.

"Wokusutiyo si yake. Ndi ya Arnold."

Onse anatembenuka. Arnold anali ataima pa khomo la chipinda chake, bulangeti lili pa mapewa. Phokoso ndi limene linamudzutsa, ndipo anali atatola kale chitsulo kuti ateteze mkulu wake. Anayang'ana wokusuti ija. Anayang'ana Everson ali pansi. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Anaika chitsulo pansi.

"Ndi yanga," anatero. "Achimwene asiyeni. Sadziwa kanthu."

Palibe anafunsa kuti wokumba golide anaphunzira kuti kuzimitsa thiransifoma. Anaona bala la kumaso, anakumbukira kuti anamangidwapo, basi zinawakwanira. Anamusiya Everson ngati chiguduli n'kumulumphira Arnold.

Sanathawe ndipo sanabweze. Munthu amene anathyolapo mnzake nsagwada anangopinda mutu. Njerwa ya Tecla inamupeza pa diso. Anamugoneka pa sitepe pomwe paja. Mpini unatsika pa dzanja lamanja, unatsikanso, kenako anasinthira lamanzere. Phokoso lake linali ngati munthu akuthyola mapesi ouma. Ankamufunsa kuti kopa ali kuti, anzake ndi ndani. Iye ankangokhosomola magazi pa simenti yanga.

Galimoto ya polisi itatulukira pa kona, pabwalo panatsala ine, ana anga awiri ndi njerwa.

5

Kuchipatala anapulumutsa diso limodzi ndi dzanja lamanzere, ngakhale zala ziwiri sizipindika. Lamanja linauma. Atachira pang'ono anamutengera ku khoti. Anavomera mlandu asanamalize n'komwe kumuwerengera. Atamufunsa za anzake anati anali yekha. Atamufunsa kuti munthu mmodzi angatsitse bwanji chinthu cholemera chotero, anati iye ndi wamphamvu. Anamupatsa zaka zambiri. Ndikadzakhala ndi moyo pa tsiku lotuluka, ndidzakhala nkhalamba yoyendera ndodo.

Everson kalata yake ya ku polisi inatuluka yoyera. Pasipoti inatuluka, munthu wapakati analandira yake. Mwezi usanathe ndinamuperekeza pa chipata cha Forbes cholowera ku Mozambique, mabala a chikoti akadali kumsana. Sitinayang'anane kumaso.

Mwina mukufunsa kuti ndalama zake zinachokera kuti. Ndi zimene ndakhala ndikuzungulira.

Loweruka lija, kunja kutangoyera, anthu asanaone thiransifoma, ndinatuluka kukatunga madzi. Ndinapeza Everson ali pa mpopi akudzikhula mikono ndi mchenga. Wokusuti yake inali pansi, yakuda ndi mafuta. Inali yake, yomwe ndinamugulira ndekha pamene ankapita kukaphunzira ntchito ku fakitale.

"Wachokera kuti?"

Anapisa m'thumba n'kundiikira mpukutu wa madola m'dzanja.

"Mumafuna ibweze, Amayi. Yayamba."

Anandiuza kuti anthu ena ogula kopa anamufuna kalekale. Anali ndi galimoto, zingwe ndi anyamata onyamula. Chimene analibe ndi munthu wodziwa kupha magetsi kuti wina asapse. Iye anagwira mbali imeneyo yokha. Imeneyo ndiyo ndalama yeniyeni yoyamba imene digiri ija inalowetsa m'nyumba mwanga.

Ndinamumenya ndi chidebe kumutu. Ndinamutukwana motsitsa mawu kuti anansi asamve. Nditatero ndinapinda madola aja n'kuwabisa m'kamisolo, ndinatola wokusuti n'kuinyika mu ndowa. Anthu aja pogubuduza mabedi, ndalama zinali pa chifuwa panga.

Arnold usiku umenewo sanatuluke. Ndinkamumva akukhosomola kuseri kwa khoma mpaka kucha.

Ndanena kuti mawu aja ananditulukira okha. Limenelo ndi bodza lomwe ndimadziuza. Mpini uli m'mwamba, mutu wanga unagwira ntchito bwinobwino, ngati mmene umachitira ndikamasankha tomato woti ndigulitse ndi woti nditaye. Everson akathyoka manja kapena akalowa m'mabuku a polisi, Tete wapita, zaka za ku Harare zapita, maenje onse a Arnold apita pachabe. Arnold m'mabukumo analimo kale. Analibe pepala loti liwonongeke. Ndinayeza, ndipo ndinaloza.

6

Everson amatumiza mwezi uliwonse, salumphitsa. Geti ndinakonza, denga ndinasintha. Kubwera sabwera, ndipo pa foni timakamba za mvula.

Ku ndende ndimapita ndi chakudya. Ulendo wathawu ndinatenga nkhuku yokazinga, buledi, sopo ndi mankhwala a chifuwa. Arnold anakhala mbali ina ya tebulo, dzanja louma lili pa mwendo. Wawonda, koma nthabwala sizinamuthere.

"Nkhuku yonseyi? Tomato akuyenda masiku ano, eti?"

"Idya, usalankhule zambiri."

"Ndi ya ku Tete iyi. Ikumveka malasha." Anaseka, kenako chifuwa chinamugwira. Chitamusiya anafunsa, "Achimwene ali bwanji? Awakweza?"

"Akuti amupatsa gulu lake loliyang'anira."

"Ndiye bwino. Sitinakumbe pachabe."

Ankavutika kunyema nkhuku ndi zala zitatu. Ndinafuna kumuthandiza, anakankha dzanja langa.

"Amayi, ndikufunseni kanthu. Musakwiye."

"Funsa."

"Tsiku lija zinthu zinachitika mothamanga. Muno ndimakhala ndi nthawi yambiri, ndiye ndimaganiza kuti mwina munangodzidzimuka. Mukanapatsidwa sabata yonse yoti muganize bwino, mukanatchula ndani?"

Ndikanatha kulira. Ndikanatha kunena kuti satana anandilowa. Koma mwana ameneyu ndinamunamizira kamodzi pamaso pa anthu, sindikanamunamizanso pamaso pake.

"Iwe," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene amauyembekezera.

"Ndimafuna ndingomva ndi makutu anga," anatero. Anapukuta zala pa yunifomu, anakankhira nkhuku ija kwa ine, n'kuimirira. "Mlanduwu sindidzautembenuza, musade nkhawa. Achimwene agwire ntchito yawo. Koma inu musabwerenso, Amayi. Ndikatuluka ndidzapeza kwina."

Anauza msilikali kuti wamaliza. Nthawi yocheza inali isanathe.

7

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli ndi ana ambiri ndi fizi ya mmodzi, ndikudziwa chimene mukufuna kumva. Mukufuna ndikuuzeni ngati digiri ya zamagetsi imabweza ndalama. Imabweza. Imachedwa, imafuna kuwoloka malire, koma ikayamba siima. Amene angakuuzeni kuti ndi pepala chabe akunama, bwerani mudzaone denga langa.

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti ukaika zonse za m'nyumba pa mwana mmodzi, umasiya kumuona ngati mwana. Amasanduka katundu wodula amene sungalole kuti asweke, ndipo winayo amasanduka chomutchingira. Ine sindinasankhe pa sitepe paja. Ndinali nditasankha kale tsiku limene mnyamata wa fomu 3 anati akakumba, ine n'kumuuza kuti azisamala.

Musandilembere zondilangiza kuti ndikaulule ku polisi. Njira ya ku polisi ndikuidziwa, minibasi yake ndimakwera tsiku lililonse popita ku msika. Ndikaulula, Everson alowa, manja a Arnold sabwerera, ndipo zonse zimene anapirira pa simenti paja zikhala zaulere. Mukuona, mpaka lero ndikuyezabe. Ndi matenda anga.

Mwezi uno ndalama zafika Lachiwiri. Ndagula sopo, buledi ndi mankhwala a chifuwa. Ndakazisiya pa geti la ndende, ndipo ndapempha msilikali kuti asamuuze Arnold amene wabweretsa.